Mawu achilendo opanda gwero pa Wikipedia: afufutidwe kapena asiyidwe?

Wophunzira wa sekondale ku Chipata akapatsidwa ntchito yofufuza amayambira pa foni, ndipo foniyo kawirikawiri imamufikitsa pa Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti imene aliyense angathe kulembamo ndi kukonza. Kumeneko kuli masamba ena aafupi kwambiri. Mutu wake ndi liwu limodzi la chinenero china, pansi pake mizere iwiri kapena itatu yonena tanthauzo lake ndi kumene akuti linachokera, basi. Palibe buku lotchulidwa, palibe nyuzipepala, ndipo pamwamba pali kabokosi kochenjeza kuti nkhaniyi ilibe gwero lililonse. Akonzi amakangana pa masamba otere chaka ndi chaka. Ena amati afufutidwe, poti palibe amene angatsimikize zolembedwazo. Ena amati asiyidwe, poti liwulo lilipodi ndipo anthu amalilankhula tsiku lililonse.

Ife a kuno Kum'mawa kwa Zambia nkhaniyi imatikhudza mbali ziwiri. Pa Wikipedia ya Chingelezi mawu achilendowo ndi athu: chilimba, chinamwali, dambwe, chikanda. Mkonzi wa ku Toronto sanawamvepo, ndipo ndi iye amene angapemphe kuti tsamba lichotsedwe. Pa Wikipedia ya Chichewa, imene akonzi ake ndi owerengeka, alendo amakhala mawu a Chijeremani, Chijapani kapena Chiarabu amene wina wamasulira mothamanga osanena kumene wawatenga. Malamulo amene tifotokoze pano ndi a Wikipedia ya Chingelezi, chifukwa ndiyo inawalemba mwatsatanetsatane. Chinenero chilichonse chimadziikira ake, koma ambiri amatengera komweko.

Mkanganowu umatalika chifukwa anthu amaphika mafunso awiri mumphika umodzi. Kodi kuseri kwa liwuli kuli chinthu choti n'kufotokoza, kapena ndi liwu chabe? Nanga magwero kulibedi, kapena wolemba sanangowatchula? Ife tikuona kuti kusowa kwa gwero patsamba, pakokha, sikokwanira kufufutira tsamba. Koma sikulolanso kuti tsambalo lisiyidwe mmene lilili.

Liwu ndi chinthu

Limodzi mwa malamulo akale a Wikipedia, imene inayamba mu Januwale 2001, limati iyo si dikishonale. Dikishonale imanena za liwu: kalembedwe, katchulidwe, gulu la dzina, kuchulukitsa kwake, tanthauzo ndi chiyambi. Insaikulopediya imanena za chinthu chimene liwulo limaloza, kuti chinayamba liti, amachichita ndani, chimayenda bwanji, chasintha motani. Mawu anapatsidwa nyumba yawoyawo, Wiktionary, imene inatsegulidwa mu Disembala 2002.

Kuti muyese tsamba, chotsani liwu la pamutu, muikepo dzina la chinthu chomwecho m'chinenero china, ndiye muwerengenso. Nkhaniyo ikaimabe, ndiye kuti ikunena za chinthu. Ikagwa, inali kunena za liwu.

Tengani salaula. Liwuli ndi la Chibemba, limanena za kusankha povundukula mulu, ndipo aliyense amene wadutsa pamsika wa Kapata akudziwa kuti ndi zovala zovalidwapo kale zochokera kunja. Tsamba longonena zimenezi ndi la dikishonale. Koma kuseri kwa liwuli kuli malonda athunthu. Kuli mabelo ochokera ku Ulaya ndi ku America, kuli ogulitsa mabelo osatsegula, kuli amayi ndi anyamata amene amadula zingwe za belo m'mawa n'kupatula zabwino kuti zipite pa mtengo wina, kuli matelala amene ntchito yawo yambiri inasanduka kuchepetsa ndi kukonza, kulinso mafakitale a nsalu amene anadandaula kuti msika wawaphera. Karen Tranberg Hansen, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, analemba buku lathunthu la malonda amenewa m'Zambia, ndipo linatuluka mu 2000. Choncho tsamba la salaula, ngakhale mutalipeza lopanda gwero, lili ndi poimira. Likungosowa munthu woti atsegule bukulo.

Mukawoloka pa Mwami kulowa ku Mchinji, zovala zomwezo ndi kaunjika. Ku Tanzania ndi ku Kenya ndi mitumba. Mbemba anatcha dzina poona manja a wogula, Mchewa poona mulu wa wogulitsa. Apa pamalowa lamulo lina: insaikulopediya imasonkhanitsa mayina onse a chinthu chimodzi patsamba limodzi, pamene dikishonale imapatsa liwu lililonse malo ake. Masamba atatu angakhalepo ngati magwero akufotokoza malonda a dziko lililonse paokha. Apo ayi, mayina enawo amangokhala zikwangwani zolozera ku tsamba limodzi.

Tsopano tengani zikomo. Ndi liwu loyamba limene mlendo amaphunzira, limamveka kuyambira ku Lundazi mpaka ku Livingstone, koma mukaikapo liwu lothokozera la chinenero china palibe chotsala. Malo ake ndi ku Wiktionary, pamodzi ndi ntchito zake zonse: kuthokoza, kupempha njira, kuodira pakhomo. Kutchuka kwa liwu sindiko kumalipatsa tsamba.

Alipo mawu ochepa amene iwo eni ndiwo nkhani. Ubuntu, umene ife timati umunthu, akatswiri a malamulo ndi a zaumulungu aulembera mabuku, ndipo unalowa m'mawu otsekera malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1993. Liwu lotere limapeza tsamba chifukwa pali magwero okamba za mbiri yake ndi mikangano imene ladzutsa. Magwero amene amangoligwiritsa ntchito m'chiganizo sawerengedwa.

Malire a dikishonale ndi insaikulopediya amenewa si onse olemba anawatsatira. David Clement Scott, mmishonale wa ku Blantyre, m'dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892 ankati akalemba liwu n'kupitiriza kufotokoza mwambo wonse umene liwulo limakhalamo. Ndiye chifukwa chake buku limenelo, ndi lija analikonzanso Alexander Hetherwick mu 1929, limathandiza mbali zonse ziwiri, bola wowerenga akumbukire kuti ndi maso a mmishonale wa nthawi imeneyo.

Kufufuza, ndi pamene kumalephera

Lamulo la kutsimikizika limati chilichonse chimene chatsutsidwa, kapena chimene chingatsutsidwe, chiyenera kukhala ndi gwero lodalirika losindikizidwa, ndipo ntchito yolipeza ndi ya amene walemba kapena wabwezeretsa mawuwo. Lamulo la kuyenera tsamba limafuna kuti nkhaniyo ikhale italembedwa mozama m'magwero odalirika, oima paokha, kawirikawiri oposa limodzi. Koma lamulo lomweli limanena poyera kuti chofunika ndi kupezeka kwa magwerowo, ngakhale asanatchulidwe patsamba. Gwero silikakamizidwa kukhala la Chingelezi kapena kukhala pa intaneti. Buku la Chinyanja limene lagona pashelefu m'laibulale ya koleji ya aphunzitsi ku Chipata ndi gwero lovomerezeka.

Motero wofuna kufufuta amayembekezeredwa kuyamba wafufuza yekha: mu Google Books, mu Google Scholar, m'nyuzipepala, m'mbiri ya tsambalo, ndi pa Wikipedia za zinenero zina. Apa ndi pamene mawu athu amafera. Mkonzi amalemba liwu kamodzi, m'kalembedwe kamodzi, sapeza kanthu, n'kulengeza kuti magwero kulibe.

Chomwe chimamusocheretsa choyamba ndi kalembedwe. Kalembedwe ka zinenero za m'Zambia kamene unduna wa maphunziro unavomereza mu 1977 kamagwiritsa ntchito c pamene a ku Malawi amalemba ch. Choncho pali cinamwali ndi chinamwali, Cewa ndi Chewa, cilimba ndi chilimba, ndipo Mbemba amalemba icilimba. Mwambo wa Angoni wa ku Mtenguleni mudzaupeza ngati Nc'wala, Ncwala ndi N'cwala. Pali nsima ndi nshima. Chinenero chenichenicho chili ndi mayina angapo m'mabuku: Chinyanja, Chichewa, Chimang'anja, ndipo dikishonale ya Johannes Rebmann ya 1877 inachitcha Kiniassa. Chachiwiri ndi mphatikiram'mbuyo, chinthu chimene wosadziwa zinenero za Chibantu sachiganizira n'komwe. Wofufuza chilombo sapeza zilombo, sapezanso vilombo mmene amanenera anthu ambiri a kuno. Chachitatu ndi makina amene amawerenga mabuku akale ojambulidwa. Amasokonezeka ndi ŵ ndi kankhodolero ka ng', ndipo liwu limatuluka lophwanyika. Mankhwala ake ndi kufufuza tsinde la liwu lokha, kapena kuliphatikiza ndi mayina a malo a nthawi imeneyo, monga Fort Jameson m'malo mwa Chipata ndi Northern Rhodesia m'malo mwa Zambia.

Zambiri za chigawo chino zinalembedwa kale, kungoti si zonse zili pa foni. Max Marwick analemba za Achewa a m'dera lino, John Barnes analemba za Angoni a Mpezeni. Ku University of Zambia kuli zolemba za ofufuza a digiri yachiwiri ndi yachitatu, zambiri za miyambo ndi zinenero za Kum'mawa. Ku National Archives ku Lusaka kuli makaundula a maboma a nthawi ya atsamunda, ngakhale amenewa ayenera kugwiridwa mosamala, chifukwa ndi zolemba za mwini nkhani, ndipo Wikipedia salola mkonzi kuzimasulira mwa nzeru zake. Kunalinso nyuzipepala ya boma ya Chinyanja, Tsopano. Ku Zomba, bungwe la Centre for Language Studies linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku 7 amene Wikipedia imapereka okambirana zofufuta tsamba ndi ochepa kwa munthu amene buku lake lili ku Lusaka.

Muzindikirenso chimene gwero lililonse limatsimikiza. Mtanthauziramawu amatsimikiza kuti liwu lilipo ndi tanthauzo lake, koma sasonyeza kuti chinthucho chikuyenera tsamba. Pamafunika mutu wa m'buku, pepala la ofufuza kapena nkhani yaitali ya m'nyuzipepala. Zolemba za pa Facebook, tsamba la malo ogona alendo lokopa anthu odzaona nyama ku South Luangwa, tsamba la wogulitsa, ndi yankho la pulogalamu yocheza nayo ya AI, zonsezi sizilandiridwa. Mukapeza gwero labwino, lembani wolemba, mutu wa buku, chaka, osindikiza ndi nambala ya tsamba. Ngati ndi la Chinyanja, koperani chiganizo chenichenicho m'munsi ndi kumasulira kwake, kuti mkonzi wosamva chinenerocho aone yekha. Nambala ya tsamba anthu ambiri amaidumpha, koma popanda iyo wotsutsa anganene kuti mwangotchula buku kuti mumutseke pakamwa.

Chifukwa chake kulisiya chabe n'koopsa

Wina angafunse kuti kodi mizere itatu ikulakwira ndani. Mu Meyi 2005 munthu wina analemba tsamba lalifupi lopanda gwero la Jar'Edo Wens, amene anati ndi mulungu wa anthu oyambirira a ku Australia. Mulunguyo kunalibe, anangomupeka. Tsambalo linakhala mpaka Malichi 2015, pafupifupi zaka 10, ndipo dzinalo linali litalowa kale m'mindandanda ina ya milungu. Linakhalitsa chifukwa dzina linkamveka lachilendo, ndipo aliyense wodutsa ankaganiza kuti eni chinenero ndiwo akudziwa. Chilendo chomwe chimaphetsa tsamba loona ndi chomwe chimabisa labodza.

Vuto lina ndi bodza lobwerera kwawo litavala suti. Mu 2008 wachinyamata wina anawonjezera patsamba la kanyama ka ku America kotchedwa coati kuti kamatchedwanso "Brazilian aardvark". Anangoseka. Nyuzipepala zina zinakopera, dzinalo linalowa m'buku, ndipo pambuyo pake zolembazo zinayamba kuoneka ngati umboni wa zimene Wikipedia inanena. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofuna kupewa msampha umenewu, yerekezani deti. Tsegulani mbiri ya tsamba, onani tsiku limene chiganizocho chinalowa, ndiye muone chaka cha gwero lanu. Gwero likakhala lobadwa pambuyo, ndipo mawu ake akufanana ndi a patsamba, litayeni mufune lakale.

Wikipedia zazing'ono zili pangozi yaikulu koposa. Mu Ogasiti 2020 kunadziwika kuti masamba ochuluka zedi a Wikipedia ya Chiscots, chinenero cha ku Scotland, analembedwa ndi wachinyamata wa ku America amene sankalankhula chinenerocho. Ankatenga Chingelezi n'kusintha zilembo. Panalibe omuona kwa zaka zambiri chifukwa eni chinenero anali ochepa pamenepo. Ya Chichewa nayonso ili pangozi yomweyo, poti akonzi ake ndi owerengeka.

Gawo limene limanama kwambiri m'masamba a mawu ndi chiyambi cha liwu. Tanthauzo munthu wolankhula chinenero salakwitsa kawirikawiri, koma chiyambi aliyense ali ndi chake chimene anamva kwa agogo kapena kwa aphunzitsi a Giredi 7. Kuti nsapato ndi kalata zinachokera ku Chipwitikizi, sapato ndi carta, ndi zolembedwa ndipo n'zosavuta kutsimikiza. Koma dzina la mzinda uno wa Chipata, funsani anthu. Ena adzakuuzani za chipata cholowera, ena za chimpata, malo otakasuka pakati pa mapiri. Tsamba labwino limatchula amene ananena chilichonse mwa ziwirizi, osasankha lokha. Chiganizo cha chiyambi chopanda gwero chichotsedwe ngakhale tsamba lonse litapulumuka. Apa sitiona chifukwa chochitira chifundo.

Za pakamwa

Mkangano wovuta koposa ndi wa zinthu zimene akulu amazidziwa bwino koma palibe anazisindikiza. Wikipedia ya Chingelezi silandira "ndinamva kwa ambuye anga", ngakhale ambuyewo atakhala nduna ya kwa Gawa Undi. Mu 2011 wofufuza wina, Achal Prabhala, anayesa ku India ndi ku South Africa njira yojambula mawu a anthu odziwa n'kuwatchula ngati gwero, koma lamulo la ku Chingelezi silinasinthe. N'zowawa, ndipo zimachititsa kuti zimene analemba mmishonale zilemere kuposa zimene akudziwa namkungwi. Komabe khomo silinatsekedwe lonse. Mawu a mkulu akalembedwa ndi wofufuza n'kusindikizidwa, kapena akaulutsidwa m'pulogalamu ya wailesi yodalirika imene yasungidwa poti wina angakaimve, asanduka gwero.

Si zonse zosalembedwa zimene zikudikira wolemba. Gule Wamkulu, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ali ndi mabuku ambiri ofotokoza zimene zimaoneka pabwalo, monga pa Kulamba ku Mkaika. Koma mawu a kudambwe eni ake sanawatulutse dala. Tsamba lopanda gwero loulula mawu otere lili ndi milandu iwiri: silingatsimikizike, ndipo wolembayo mwina akunama kapena akuswa chinsinsi. Limenelo lichoke.

Mmene mlandu umayendera

Njira zochotsera tsamba zilipo zitatu. Kufufuta kwachangu ndi kwa zinthu zoonekeratu, monga bodza lamkunkhuniza, zokopera mwakuba kapena tsamba lopanda kanthu. Kusowa gwero kokha sikuli pamndandanda umenewo. Njira yachiwiri ndi kuika chizindikiro chopempha kufufuta. Pakapita masiku 7 popanda wotsutsa tsamba limachoka, koma aliyense, ngakhale wolemba yemwe, akhoza kuchotsa chizindikirocho, ndipo sichiikidwanso kachiwiri. Nkhani za anthu amoyo zili ndi lamulo lolimba lapadera, loti chizindikiro sichichoka mpaka gwero lodalirika litaikidwa, koma limenelo silikhudza mawu. Njira yachitatu ndi bwalo lotchedwa Articles for deletion. Mlandu umakhala masiku 7, ukhoza kuwonjezeredwa ngati olankhula achepa, ndipo wotseka mlanduwo amayeza kulemera kwa mfundo, sawerenga manja.

Anzathu ambiri amagonja pabwalo limeneli chifukwa cha zimene amanena. "Liwuli aliyense ku Zambia amalidziwa" si mfundo. "Mukufufuta chifukwa ndi la ku Africa" nthawi zina n'zoona, koma wotseka alibe pogwira. Kuitana abwenzi pa WhatsApp kuti adzalembe kuti lisiyidwe kumaipitsa zinthu, chifukwa maakaunti atsopano amaikidwa chizindikiro ndipo mawu awo amapepuka. Chimene chimatembenuza mlandu ndi magwero awiri kapena atatu, ndi nambala za masamba, ataikidwa m'nkhani momwemo masiku 7 asanathe.

Chigamulo sichingokhala kusunga kapena kufufuta. Tsamba likhoza kuphatikizidwa ku lina lalikulu, likhoza kusanduka cholozera, kapena kubwezedwa kumalo okonzera, kumene limachotsedwa likakhala miyezi 6 osakhudzidwa. Anthu akalephera kugwirizana, tsamba limatsala. Lofufutidwa silipsa ngati udzu, oyang'anira amatha kuliona, ndipo mutapeza magwero pambuyo pake mukhoza kupempha kuti libwezedwe. Tanthauzo lenilenilo likalembedwe ku Wiktionary, kumene khomo ndi lotakasuka. Ku Wiktionary ya Chingelezi liwu la chinenero cholembedwa kwambiri limafuna maumboni 3 oima paokha otalikirana chaka chimodzi kapena kuposerapo, pamene la chinenero chosalembedwa kwambiri umboni umodzi woyenera umakwanira.

Tiyerekeze tsopano kuti mwapeza tsamba la chilimba la mizere itatu. Mzere woyamba ukuti ndi gulu la anthu amene amasonkha ndalama yofanana pa nthawi yoikika n'kupatsa mmodzi yonse mosinthana. Wachiwiri ukuti liwuli linachokera kwakutikwakuti. Wachitatu ukuti azimayi ambiri a m'misika ali m'chilimba. Mukaikapo chipereganyu cha ku Malawi kapena stokvel ya ku South Africa, mzere woyamba ukuimabe, ndiye chinthu chilipo. Fufuzani chilimba, cilimba ndi icilimba. Kafukufuku wa FinScope wa momwe anthu a m'Zambia amasungira ndalama amachitchula, ndiye poyambira palipo. Mzere wachiwiri uchoke kufikira gwero litapezeka. Wachitatu ulembedwenso ndi chiwerengero chenicheni cha m'lipoti ndi chaka chake, apo ayi uchokenso. Mukapeza magwero ofotokoza chilimba cha m'Zambia mozama, mmene wolandira woyamba amasankhidwira, chimene amachita wina akaleka kusonkha atadya kale, kusiyana kwake ndi banki ya m'mudzi imene imabwereketsa ndi chiwongoladzanja, tsamba liime palokha. Mukapeza ongochitchula podutsa, ndime imodzi ilowe patsamba lalikulu la magulu osonkherana mosinthana, ndipo dzina lakuti chilimba, m'malembedwe ake onse atatu, lilozere kumeneko.